Koyambira pokonzekera mabwalo ozungulira pa iRacing

Mwafunsa kuti muyambire pati pokonzekera mipikisano ya magalimoto ya ku America yotchedwa NASCAR pa iRacing, masewera a pakompyuta oyeserera mipikisano ya magalimoto, popeza mabwalo onse ozungulira akukuonekerani ofanana. Ine ndinganene kuti muyambire pa bwalo la Charlotte, lotalika mamailosi 1.5, chifukwa kumeneko mudzaphunzira kusamala matayala. Musamangozungulira katatu pofuna nthawi yabwino. Zungulirani maulendo 30 kapena 40 osaima, ndipo mudzaona kuti tayala lakutsogolo la kumanja likatentha, galimoto imayamba kukana kukhota. Mankhwala ake ndi kuchotsa phazi pa mafuta msanga polowa pakona ndi kupotoza chiwongolero mofatsa, ngakhale mtima ukufuna liwiro.

Ku Martinsville, bwalo la pafupifupi theka la mailosi, nkhani yaikulu ndi mabuleki.

Daytona ndi Talladega n'zosiyana kwambiri, chifukwa phazi silichoka kawirikawiri pa mafuta, ndipo liwiro limabwera mukamatsatira pafupi galimoto ya mnzanu kuti ikutchingireni mphepo. Kumeneko kuyeserera nokha sikuthandiza kwenikweni, choncho muziyeserera pamodzi ndi anthu ena, ndipo muzimvera spotter, yemwe amakuyang'anirani magalimoto ena, akakuuzani kuti pambali panu pali galimoto.