Yankho la asuweni pa nkhani ya mfuti ija

Eee asuweni, ndamva voice yanu, ndinali pa shifiti ndiye ndikuyankha pano ndili m'galimoto kunja kwa nyumba, mukamva phokoso ndi hita, kuno ku Indiana kwayamba kuzizira zoopsa. Mwafunsa kuti mfuti ili pa chithunzi ija zipolopolo zake ndimagula shopu iti. Hahaha. Inuyo? Munthu woti mumathawa nkhuku ikamaphedwa lero mukufunsa za zipolopolo? Chabwino, ndiyankha, koma ndakumvani bwinobwino komwe mukupita.

Sizigulidwa paliponse. Ndiye nkhani yake imeneyo. Azungu kuno amati wildcat, ndiye kuti chipolopolo choti fakitale siipanga, mwini wake wachiganiza yekha. Umatenga chigoba cha mkuwa cha chipolopolo china chomwe chilipo kale, kuchichepetsa pakhosi, kusintha phewa lake, basi chasanduka china, ndiye mfuti yoti ichilandire iyeneranso ipangidwe yakeyake. Changa ndayambira pa chipolopolo cha 7x57 Mauser. Aaa iyayi, ndisanamepo, amene anachepetsa 7x57 kalekale ndi mkulu wina Ned Roberts, chake chija chimatchedwa .257 Roberts, kenako P.O. Ackley anabwera ndi nzeru yoimika phewa pa madigiri 40 kuti wonga uzilowa wambiri. Ine ndangosuntha pang'ono pa za akuluakuluwo. Ndipo si misala yanga ndekha ayi, .22-250 yomwe yadzaza m'mashopu inayamba chomwechi m'magalaja a anthu, a kampani ya mfuti ya Remington anadzaitenga mu 1965.

Koma mukudziwa chomwe chinandiyambitsa? Amalume. Inde, omwewo, a gogodela, mfuti yachikale yothira wonga kukamwa ija. Inu munali wamng'ono, mwina mumangomva agogo akunena. Chaka chomwe nguluwe zinatha chinangwa kudimba kuja, amalume analumbira pamaso pa aliyense kuti sagona m'nyumba mpaka atabwera ndi nyama. Anatenga gogodela wawo uja, womangamanga ndi mawaya ndi mphira ngati njinga ya kabaza, wonga kuthira mosayeza, amangoti dzanja langa limadziwa. Ine anandinyamulitsa tochi ndi chikho cha thobwa. Tinakhala pa chulu kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba, udzudzu kutidya, iwo kumandiuza kuti ukatsokomola ndikusiya konkuno. Kenako tamva tswatswa m'chinangwa. Amalume kuloza... dikirani ndiseke kaye... kuloza, phuuu! Asuweni, utsi wokhawokha. Ndikuwalitsa tochi, amalume kulibe pa chulu, ali chagada m'ngalande, nsidze zonse zapsa, paipi yang'ambika ngati nthochi yosenda. Ndipo chomwe chimatswatswaza chinali mbuzi ya aNambewe, inatuluka bwinobwino ikutafuna. M'mawa iwo kumauza anthu kuti nguluwe inavulala kwambiri yakafera ku phiri. Mpaka tsiku la maliro awo nguluwe ija inali ikufabe ku phiri. Agogo anatenga zotsala za mfuti kukaponya m'chimbudzi, ndi chifukwa chake chimbudzi chakale chija ankati ndi kwa asilikali, ngati simumadziwa.

Ndiye ine chiyambire tsiku limenelo ndimaopa chinthu chosayeza. Paipi yanga sindipanga ndekha ayi, ndinagula kwa opanga mapaipi, thunthu lake ndi Remington 700, ndipo woboola chipinda cha chipolopolo ndi gunsmith, mmisiri wa mfuti wa laisensi, ndi chitsulo chotchedwa reamer chomwe anachita kusula potengera chojambula changa, ndinadikira miyezi. Ine zanga ndi thabwa logwirira, kupala ndi sandipepa usiku mpaka mlamu wanu kudandaula fumbi, ndi kukonza zigoba. Wonga ndimayeza pa sikelo kambewu ndi kambewu, kuyamba ndi wochepa, kuwombera, kuyang'ana chigoba ngati chikuonetsa kupanikizika, kulemba mu kope. Ndipo chomwe ndimawombera ndi pepala. Pepala, asuweni, pa mayadi 100, mabowo asanu akagundana ndimabwera kunyumba ngati ndapha njovu. Pa paipi pamafunika kulemba dzina la chipolopolo kuti wina asadzaikemo cholakwika, ndiye ndinalembetsa .257 Nguluwe. Mzungu uja wayesa kutchula katatu, wangosiya.

Tsopano, eee, chomwe mumafunsa chenicheni. Inu simumafuna kudziwa shopu. Mwaona chithunzi, mwawerengetsa mumtima kuti munthuyu ndalama zikupita ku zidole pomwe malata a nyumba ya amayi sanagulidwe, ndipo ndikudziwa amene wakutumani, aunt ali pa gulu pano akungowerenga mwakachetechete, moni aunt. Ya malata siinakhudzidwe. Ili payokha, ikubwera kumapeto kwa mwezi monga tinapangana pa Isitala. Mfutiyi ndaimanga zaka zitatu, kachidutswa kamodzi ndikapeza ovataimu, anzanga amathera zawo ku mowa ndi kubetcha mpira, ine zanga ndi izi.

Komanso uzani amayi asamadzuke usiku kupemphera kuti ndalowa gulu la zigawenga, hahaha, imakhala yokhoma mu sefa, mapepala onse ali bwino, ndipo kumudzi siibwera, musayambe kundiuza za anyani a kumunda.

Ndiye ndibwereze poti inu mumamva mbali imodzi: malata ali pompo, sanasanduke mfuti. Mwamva? Malata akubwera. Inu ntchito yanu pitani mukafunse mtengo wa malata a 28 geji kwa mahadiweya awiri atatu, osangolowa moyamba momwemo chifukwa muli mtsikana wokongola pa kauntala, munditumizire pano pagulu aliyense aone. Basi ndilowe, zala zauma.