Penti wa buluu amene anandisiyira ngongole

Mwafunsa, achemwali, mmene malonda a penti wochokera ku Joni amayendera, ndiponso ngati kuli bwino kuyamba ndi wa buluu kapena wa kirimu wooneka ngati mchenga. Ine ndayenda msewu wa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo palibe kasitomala amene anandibwezerapo ndowa ya kirimu. Mtundu umenewu umagwirizana ndi fumbi lathu la katondo, umabisa zala za ana pakhoma, ndipo eni nyumba za lendi amaugula osanenerera. Buluu amakongola pakapepala ka m'sitolo pansi pa magetsi owala, koma akauma m'chipinda cha zenera limodzi ku Blantyre nthawi ya chiperoni, nyumba imaoneka yozizira ngati chipatala.

Mu 2023 bambo wina womanga malo ogona alendo anaitanitsa ndowa 30 za buluu za malita 20, atangoona chithunzi pafoni. Ndinakongola ndalama n'kukasakanizitsa mtunduwo, ndikudziwa bwino lomwe kuti penti wosakaniza sabwezedwa kusitolo. Pachipata china, mkulu wina wa msonkho anakana malisiti anga ponena kuti ndachepetsa mtengo, ndipo katundu anakhala padzuwa masiku asanu ndi anayi, iye akungondiuza kuti ndibwere mawa. Mpaka lero ndikakumbukira mmene ankagogodera chivundikiro ndi cholembera, osandiyang'ana n'komwe, mtima umandiwawa. Ndikadali pomwepo, mu Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo msonkho umene ndinaukonzekera sunakwanenso.

Nditafikitsa katundu, bamboyo anapaka khoma limodzi, kutacha anandiimbira kuti mtunduwo wada kuposa wa pafoni, sautenga. Ndinagulitsa firiji ndi njinga yamoto kuti ndibweze ngongole, ndipo ndowa zija ndinazigulitsa imodzi imodzi kwa miyezi isanu ndi itatu, zambiri ku masukulu a mkomba phala. Anzanga ena akadasiyira pomwepo, koma ine ndinabwerera pamsewu.

Choncho buluu musamugule popanda theka la ndalama za kasitomala m'manja, ndiponso mwini nyumba ayambe wapaka lita imodzi pakhoma lake lenileni, aione m'mawa ndi madzulo. Ndowa zanu muzimata zivundikiro nokha ndipo muziimirira pomwepo pamene akuzipakira m'galimoto, chifukwa imodzi ikagonekedwa n'kutsegukira pa katundu wa anthu ena, wolipira ndinu.