Datsun 120Y yonjenjemera ikafika 80 pa M1

Achimwene, pa za Datsun 120Y yanu yomwe mukuti ikunjenjemera ikafika 80 pa M1, yambani ndi matayala, za kugwetsa giyabokosi zomwe akukuuzanizo zidikire kaye. Galimoto yoti mtauni ikuyenda bwinobwino koma ikangofika 80 kapena 90 nkuyamba kunjenjemera, kawirikawiri ndi balansi ya mawilo kapena rimu yopindika, ndipo poti yanuyo inakhalitsa pa garaja nthawi yomwe mumaikonza matayala amaphwatalala mbali imene inali pansi. Onaninso manambala anayi omaliza pa DOT, nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, amanena sabata ndi chaka chomwe tayalalo linapangidwa, lokalamba lichotseni olo mapanga ake akuoneka atsopano.

Kenako ithamangitseni njira ya ku Lumbadzi mumvetsere. Chikamagwedezeka ndi chiwongolero, vuto lili kutsogolo. Mukamamva kumpando ndi pansi, ganizirani mawilo akumbuyo kapena propshaft, chitsulo chachitali cha pansi pa galimoto chopititsa mphamvu ku mawilo akumbuyo. Yanga inali choncho, anyamata anabwezeretsa propshaft osaika chizindikiro pochotsa, ma universal joint, zolumikizira za kumapeto kwa propshaft, nawo anali atatha kale. Pondaninso klatchi pa liwiro lomwelo, kunjenjemerako kukasiya yang'anani ma mounting a injini.

Koma mukagwedeza wilo itanyamulidwa pa jeke nkumamveka kugogoda, musaiyendetsenso pa M1, makanika wodziwa za ma ball joint ndi ma bearing aione kaye.