Mafunso Anu: Zidole Zophunzitsa Ana pa TV ku Japan

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa za zidole zimene zimaoneka m'mapulogalamu a ana a ku Japan. Mayankhowa akonzedwa ndi anthu odziwa ntchito yopanga ndi kuseweretsa zidole.

Mwana wanga amakonda kuonera pa intaneti galu wamkulu wobiriwira wa ku Japan amene amavina ndi tiana. Kodi ndi pulogalamu yanji imeneyi? Nanga bwanji anthu a ku Japan amalimbikira zidole pomwe ndi akatswiri a makatuni? — Mayi wa ana awiri

Mayi, galu ameneyo ndi Wanwan, wa m'pulogalamu ya Inai Inai Baa! imene wailesi yakanema ya NHK inayamba kuulutsa mu 1996. Anaikonzera ana osapitirira zaka ziwiri, ndipo dzina lakelo ndi mawu amene makolo a ku Japan amanena akamaseweretsa khanda pobisa nkhope m'manja kenako n'kuionetsa mwadzidzidzi.

Wanwan ali ndi agogo ake. NHK inayamba kuulutsa TV mu 1953, mu Januwale 1959 inatsegula tchanelo cha maphunziro okhaokha, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho inayambitsa Okaasan to Issho, kutanthauza kuti "limodzi ndi amayi". Pulogalamu imeneyi idakalipo mpaka lero, ndipo kuyambira mu 1960, pamene tinkhumba titatu ta Boo Foo Woo tinaonekera, siinakhalepo nthawi yaitali yopanda zidole.

Chifukwa choyamba chinali ntchito. Katuni imafuna zithunzi zambirimbiri pa sekondi imodzi, pomwe chidole ukachipanga kamodzi chimasewera mawa ndi mkuja. N'chifukwa chake Hyokkori Hyotanjima, nkhani ya ana okhala pa chilumba choyandama, inkatha kuulutsidwa kwa mphindi 15 Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 1964 mpaka 1969. Zachisoni n'zakuti zigawo zake zambiri zinatayika, chifukwa masiku amenewo matepi anali odula ndipo ankawafufuta n'kujambulapo zina. Chifukwa chachiwiri ndi chimene ife timachiona kukhala chachikulu: chidole chimakhala m'chipinda chimodzi ndi mwana. Kamwana ka mu situdiyo kamachigwira ubweya, kamachikumbatira, ndipo mwana wanu poonera amadziwa kuti chinthucho chilipodi.

Ndinamva kuti ku Japan chidole chimodzi amachigwira anthu atatu. Zoona zimenezi? Zikugwirizana bwanji ndi za pa TV? — Wophunzira za zisudzo

N'zoona. Zisudzo zimenezo ndi bunraku, ndipo kwawo ndi ku Osaka. Woimba wotchuka Takemoto Gidayu anatsegula nyumba yake ya zisudzo mumzindawu mu 1684, ndipo kagwiridwe ka anthu atatu kanayamba mu 1734. Bungwe la UNESCO linalengeza mu 2003 kuti bunraku ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Ntchito amagawana chonchi. Mkulu wa onse, omozukai, amalowetsa dzanja lake lamanzere kumsana kwa chidole n'kugwira kamtengo kochirikiza mutu. Pa kamtengoko pali tizingwe toyendetsa maso, nsidze ndi pakamwa. Ndi dzanja lake lamanja amayendetsa dzanja lamanja la chidole. Wachiwiri, hidarizukai, amayendetsa dzanja lamanzere la chidole ndi ndodo yaitali, ataima chapatali pang'ono. Wachitatu, ashizukai, amakhala chowerama, kuyendetsa miyendo ndi kuponda pansi kuti mapazi amveke. Mkulu uja amavala nsapato zazitali za matabwa kuti chidole chikwere, anzakewo apeze malo. Eni ntchito amati munthu amakhala zaka khumi pa miyendo, zaka zina khumi pa dzanja lamanzere, asanapatsidwe mutu.

Atatuwa sayankhulana. Awiri enawo amayang'ana mutu ndi phewa la chidole, n'kuwerenga pamenepo chimene mkulu wawo akufuna kuchita. Mawu onse amachokera kwa woimba, tayu, amene amakhala pambali pamodzi ndi woliza shamisen, chida cha nsambo zitatu. Tayu yemweyo amayankhula ngati nkhalamba, ngati namwali, ngati mwana.

Chidole chachikazi nthawi zambiri chilibe miyendo, ndiye ashizukai amapanga bondo ndi kuyenda pongogwira mpendero wa kimono, chovala chachitali cha ku Japan. Pambali pa milomo yake pali kasingano kakang'ono. Mkazi akamalira, nsalu ya pamkono imakola pa kasinganoko, n'kuoneka ngati wailuma kuti asalire mokweza. Nkhope yosemedwa pamtengo siisintha, koma mutu ukangoweramira pansi pang'ono omvera amaona chisoni, ukadzuka amaona chimwemwe.

Izi ndi zimene zinalowa mu TV. Zidole zambiri za NHK amaziyendetsa ndi ndodo ali m'munsi, ndipo mawu amachokera kwa anthu ena amene kawirikawiri amawajambuliratu, oyendetsa n'kumatsatira. Oyendetsa bunraku amavala zakuda mpaka kumaso, ngakhale mkulu uja nthawi zina amaonetsa nkhope, ndipo omvera amangowatenga ngati palibe. Mu Shin Hakkenden, pulogalamu ya zidole ya NHK ya mu 1973 mpaka 1975, wofotokoza nkhani ankaoneka atavala zakuda zomwezo. Zidole za pulogalamu ina ya NHK, Sangokushi, ya 1982 mpaka 1984, anazipanga ndi Kawamoto Kihachiro, ndipo zimasungidwa m'nyumba yoonetseramo zinthu mumzinda wa Iida, kumene chaka chilichonse mu Ogasiti kumachitika chikondwerero chachikulu cha zidole. Musaganize kuti zonse n'zamakolo ayi. Sesame Street ya ku America inayamba kuoneka pa NHK mu 1971, ndipo Hirake! Ponkikki ya Fuji TV, ya zidole zotchedwa Gachapin ndi Mukku, inayamba mu 1973 itatengerako nzeru kumeneko.

Kodi zidolezi zimaphunzitsa chikhalidwe motani? Zimawauza ana malamulo? — Bambo wina

Ayi bambo, ndipo apa m'pamene pagona luso. Chidole sichikhala mphunzitsi, chimakhala mwana mnzawo amene amalakwitsa. Chimaiwala kunena mawu othokoza chakudya, itadakimasu, chisanadye, chimakana kubwereka mnzake choseweretsa, chimanyanyala, kenako chimavutika kutulutsa mawu opepesa, gomennasai. Mwana woonera amaona cholakwacho chidole chisanachione, ndipo amamva kukoma kuti iye akudziwa. Ganko-chan, kamtsikana ka mtundu wa dinosaur kamene kanayamba mu 1996, anakapangira phunziro la makhalidwe la ana oyamba sukulu, ndipo nkhani zake zimayenda m'njira imeneyi.

Mapulogalamu amatsatiranso nyengo za chaka. Kumayambiriro kwa Febuluwale kuli Setsubun, pamene ana amaponya nyemba za soya kuthamangitsa ziwanda zotchedwa oni. Pa 3 Malichi kuli Hinamatsuri, tsiku limene mabanja okhala ndi ana aakazi amayalika zidole zovala zachifumu pa masitepe ofiira. Pa 5 Meyi ndi tsiku la ana, la mbendera zooneka ngati nsomba, ndipo pa 7 Julayi kuli Tanabata, pamene amalemba zokhumba zawo pa timapepala n'kumangirira ku nsungwi. Mwana amaona zinthuzi pa TV sabata yomweyo imene akuziona kunyumba ndi kusukulu.

Chitsanzo chimene timachilemekeza kwambiri ndi Dekirukana, ya 1970 mpaka 1990. Noppo-san, bambo wamtali wa chipewa, ankapanga zoseweretsa ndi makatoni, mapepala ndi tepi, mnzake waubweya Gonta-kun akumusokoneza. Zaka zonsezo Noppo-san sankayankhula. Anatsegula pakamwa pa chigawo chomaliza chokha. Mwana ankaphunzira poyang'ana manja.

Ndimaphunzitsa ana a mkaka ndipo ndikufuna kupanga chidole choyankhula, mwinanso kuchijambula pa foni. Ndiyambire pati? — Mphunzitsi

Aphunzitsi, popeza muli nokha, yambani ndi chidole cholowetsa dzanja m'kamwa, chokhala ndi ndodo ku manja. Pakamwa ndiye poyambira. Dulani katoni yolimba yooneka ngati dzira, masentimita 20 m'litali ndi 11 m'lifupi, muipinde pakati, pamopindapo mumate kansalu kuti isathyoke. Pamwamba matani kathumba kolowamo zala zinayi, pansi kathumba ka chala chachikulu. Timathumbati tikhale tothina. Tikakhala totayirira pakamwa pamachedwa kutsatira mawu. Mutu upangeni ndi siponji yochindikala sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Guluu womatira nsapato amagwira bwino: pakani mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi zisanu mpaka khumi kuti aume pang'ono, kenako phatikizani. Chitirani panja kapena pa zenera lotsegula chifukwa fungo lake limapweteketsa mutu. Thupi likhale nsalu yofika kupitirira chigongono chanu, pafupifupi masentimita 45, ndipo ndodo za manja zikhale za waya wolimba wa utali womwewo, nsonga zake zitapindidwa n'kusokereredwa m'kati mwa chikhatho.

Maso muike pomalizira, ndipo musafulumire. Abayeni ndi mapini, muime patali mamita awiri, muone ngati chidole chikukuyang'anani. Timadontho takuda tikhale chamkati pang'ono, kuyandikira mphuno. Tikakhala pakati penipeni kapena chakunja, chidole chimaoneka ngati chikuyang'ana kumwamba kopanda kanthu, ndipo ana sachimvera. Kwa ana osakwana zaka zitatu, maso akhale osoka ndi ulusi, chifukwa mabatani ndi mikanda amazula n'kumeza.

Zolakwika zimene timaziona kwa oyamba kumene ndi zomwezomwezo. Ambiri amatsegula pakamwa pokweza zala zinayi, mutu n'kumagwera chagada pa liwu lililonse. Choyenera n'kutsitsa chala chachikulu, zala zinazo zili phe. Ena amatseka pakamwa pamene liwu likutuluka, ngati chidole chikuluma mawu, m'malo motsegula. Mkono ukatopa chidole chimamira pang'onopang'ono, ndiye jambulani zigawo za mphindi ziwiri kapena zitatu, muzipumula. Pindani dzanja pamfundo kuti mphuno ya chidole iloze kamera, chifukwa dzanja likakhala mowongoka chidole chimayang'ana kudenga. Polowa, chisangotumphuka, chikwere ngati chikuponda masitepe atatu kapena anayi, potuluka chitsike chimodzimodzi.

Akatswiri a mu situdiyo sayang'ana chidole chawo, amayang'ana sikirini imene ili pansi, yoonetsa zimene kamera ikujambula. Sikirini imeneyo si kalilole: mukasunthira chidole kumanja kwanu, pa sikirini chimapita kumanzere. Kamera yakutsogolo ya foni imaonetsa ngati kalilole, choncho mukazolowera imeneyo mudzasokonezeka tsiku limene mudzagwiritse ntchito kamera ina.

Chimene mungatenge ku bunraku osalipira kanthu ndi kupuma. Chidole chikakhala chete chisaume ngati chitsa, komanso chisamangogwedezeka. Chizikwera ndi kutsika pang'ono kwambiri ngati chifuwa cha munthu, chiziyang'ana amene akuyankhula, ndipo chisanayankhe chiyambe chatembenuza mutu. Pakakhala zidole ziwiri, chimodzi chokha chiziyenda kwambiri, apo ayi ana sadziwa chimene chikuyankhula. Mukamaliza musachiponye patebulo ana akuona. Chitsanzikeni, chilowe m'thumba mwake ngati chikukagona.

M'kati mwa zidole zazikulu zija mumakhala munthu? Sakomoka ndi kutentha? — Mtsikana wa sekondale

Mumakhala munthu, ndipo chovala chotere amachitcha kigurumi. Kutentha ndiye mdani wamkulu, makamaka pansi pa magetsi a mu situdiyo, chifukwa siponji ndi ubweya sizitulutsa mpweya. Ovala amagwira ntchito mphindi 20 kapena 30 n'kupumula, amamwa madzi asanalowe ndi potuluka, ndipo zovala zina zimakhala ndi kafani m'mutu kapena malaya amkati oikamo zoziziritsa. Munthu amaonera pa kansalu ka maukonde kobisika m'kamwa kapena pakhosi, ndiye saona bwino pansi ndi m'mbali, kumene tiana timakonda kuima. Pa chifukwa chimenechi pamakhala womuperekeza amene amagwirizana naye chizindikiro cha dzanja chosonyeza kuti watopa, ndipo amamutulutsa asanavule mutu. Akavula, chovala amachiyanika m'kati kuti chisachite nkhungu.

Popeza mapulogalamuwa ndi ophunzitsa, mwana wanga wa chaka chimodzi angamaonere tsiku lonse? — Mayi wachitsikana

Ayi mayi. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhale pa sikirini, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Akafika msinkhu woonera, khalani naye pamphasa, muziimba ndi kuwomba m'manja limodzi, pulogalamu ikatha muzimitse. Kenako bisani nkhope yanu m'manja, muwerenge mpaka katatu, muionetse. Akaseka, bwerezani, ndipo ulendo wachitatu mudikire kuti iye akukokeni zala.