Funsani Azakhali: Mwana wanga sakudya, bambo ake ati ana aku India salira

Azakhali, ndine mayi wa ana atatu ndimakhala ku Kasungu cha ku Santhe kuno. Amuna anga anapita ku India chaka chatha kukalandira thandizo la kuchipatala, chibwerereni nkhani ndi imodzi basi, ati ana akumeneko amawerenga usiku onse nchifukwa chake madokotala ali mbwee. Ndiye mtsikana wathu wa folomu 4 akumamudzutsa 3 koloko mbandakucha, foni anamulanda, kukwaya anamuletsa, ati akapanda kukhoza ndi mapoyinti ochepera 10 ndiye kuti ndalama ya fodya yapita mmadzi. Pano mwana waonda, nsima akungoigwiragwira, amadzitsekera kuchipinda, tsiku lina ndinamumva akuuza mng'ono wake kuti bola kungofa. Apongozi akuti tipite kwa asing'anga. Nditani ine?
Mayi wodandaula, Kasungu

Mayi mzanga, ndiyambe ndi mawu akuti bola kungofa chifukwa zinazi zikhoza kudikira koma amenewo ayi. Lero lomwe khalani naye pansi awiriwiri, kaya mukusenda mtedza, mumufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa ati kufunsa nkumupatsa maganizo, si zoona, mwana amapepukidwa akaona kuti wina wamva. Mankhwala a fodya ndi othira mchimanga aja atsekereni, kiyi ikhale ndi inu. Kenako mupite naye ku chipatala cha boma pa boma la Kasungupo mukafunse oona za matenda a maganizo, komanso 116 ndi nambala yaulere ya ana, atha kuyimba yekha. Kuonda, kusadya, kudzipatula, amenewo si ufiti kapena ulesi, ndi momwe matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amaonekera, ndipo amachizika.

Tsopano za bambowo. Sakunama kuti ana aku India amawerenga, koma iwo anaona okhawo amene anafika povala gauni yoyera. Mayeso olowera udokotala kumeneko amatchedwa NEET, mu 2024 analemba ana opitirira 2 miliyoni pomwe malo m'sukulu za udokotala ankangopitirira pang'ono 100,000, ndiye tangoganizani otsalawo amabwerera kwawo ndi nkhope yanji makolo atagulitsa munda. Kuli tauni ina dzina lake Kota mchigawo cha Rajasthan komwe ana amatumizidwa kukakhala mmahositelo kumangophunzira za mayeso kuyambira mmawa mpaka usiku, kutali ndi amayi awo, ndipo mu 2023 ana opitirira 20 anadzipha mtauni imodzi yomweyo. Dziko lonse, chiwerengero cha boma lawo chikuti ophunzira opitirira 13,000 anadzipha mu 2021. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 wa NIMHANS, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo cha mumzinda wa Bengaluru, anapeza kuti ana 7 pa 100 aliwonse a zaka 13 mpaka 17 anali ndi vuto la maganizo.

Eni akewo zinawawawa mpaka anayamba kubweza moto. Mu 2022 anatsegula nambala yaulere yothandiza ovutika maganizo ya Tele MANAS, 14416, ndipo mu Januwale 2024 unduna wa maphunziro unatulutsa malangizo akuti malo okonzekeretsa ana mayeso aja asamalembe ana osakwana zaka 16. Ndiye amuna anuwo akutengera chinthu chomwe eni ake akulimbana nacho kuti achepetse.

Ndipo kunena zoona, mwana wogona maola anayi samasunga zomwe wawerenga, mutu umafuna tulo kuti zikhazikike, ndiye ngakhale mapoyinti akufunawo akuwathawitsa okha. MSCE munthu amalembanso chaka chinacho, tawaona ambiri.

Bambowo musawayankhule pamaso pa ana kapena apongozi, adzangouma khosi. Apezeni usiku atadya, muwauze mawu enieni amene mwana ananena, osachotsera. Akakanabe itanani ankhoswe kapena amalume a mwanayo. Kukwaya abwerere sabata ino, ndipo kuchipatala musadikire chilolezo cha munthu, nyamukani naye mawa mmawa.
Azakhali