Jungkook wasiyana ndi BTS?

Funso: Akonzi, mwana wanga wamkazi amangokhalira kuliza nyimbo ya Jungkook ya "Seven" pafoni mpaka nsima kupserera. Akuti Jungkook akuyimba yekha tsopano. Ndiye kuti BTS idatha? — Mayi wa ku Zomba

Yankho: Ayi mayi, BTS, gulu la oyimba la ku South Korea lomwe Jungkook alimo, idangopumira kaye pamene anyamatawo ankakagwira ntchito ya usilikali, monga lamulo la ku South Korea limanenera. Chimbale choyamba cha Jungkook payekha, "Golden", chidatuluka pa 3 Novembala 2023 ndipo chidafika pa nambala 2 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zotchuka kwambiri ku America. Taylor Swift yekha ndiye adamuposa. Ena adadandaula kuti nyimbo zonse 11 ndi za Chingerezi, palibe ya Chikoreya. Ineyo ndidakonda mawu ake, koma chimbalecho chikumveka ngati adachiphikira wailesi za ku America. Za nsimazo, foniyo muziisunga ndinu akamaphika.