Mwana wasankhidwa ku Mzuzu: kodi apite kapena akhale pafupi ndi kwawo?

Mayi wina wa ku Mulanje watilembera kuti mwana wawo wamkazi, yemwe sanakhalepo kutali ndi makolo, wasankhidwa kukaphunzira za kuyeza ndi kusamalira maso ku yunivesite ya Mzuzu. Iwo akufuna kuti mwanayo asiye malowo n'kulowa koleji yolipira ku Blantyre, komwe azikakhala ndi azakhali ake, ndipo akufunsa ngati maganizowa ndi abwino.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma uphungu wanga ndi wakuti mumulole apite. Malo a m'mayunivesite a boma, omwe kusankha kwake kumadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, amalimbiranidwa kwambiri, ndipo amene wawasiya alibe chitsimikizo chakuti adzasankhidwanso. Maphunziro a maso nawonso sapezeka pa koleji iliyonse.

Mtunda umene ukukuopsaniwo ndi mbali ya maphunziro ake. Ulendo wa pa msewu wa M1 kudzera ku Lilongwe, Kasungu, Jenda ndi nkhalango ya Chikangawa umatha tsiku lathunthu, choncho sazibwera kunyumba chifukwa chakuti sopo wamuthera kapena wayambana ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Adzayenera kugawa yekha ndalama kuti ifike kumapeto a mwezi, kukambirana yekha ndi eni nyumba ku Luwinga ngati malo ogona a pasukulu asowa, ndiponso kupita yekha kuchipatala malungo akamugwira. Zinthu zimenezi palibe mphunzitsi amene amaziphunzitsa m'kalasi, ndipo kwa azakhali zikanamachitidwa ndi azakhaliwo. Paja akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ganizirani ntchito imene akukonzekerayo. Tsiku lina adzakhala m'chipinda choyezera maso, patsogolo pake pali agogo amene amangolankhula Chitumbuka ndipo sanapite kusukulu, iye akufuna kudziwa ngati diso lakumanzere likuona chizindikiro chimene akulozacho, komanso kuti chifunga cha m'masomo chinayamba liti. Amene anazolowera kugula tomato mumsika wa Mzuzu m'chiyankhulo cha eni dera sadzasowa chonena pamenepo. Kuwonjezera apo, boma likalemba ntchito anthu a zaumoyo limawatumiza kumene kuli kusowa, kaya ndi ku Chitipa kaya ku Nsanje, ndipo amene amavutika kwambiri ndi aja akuchoka pakhomo koyamba ali kale pantchito.

Kwa iwe mtsikana, ndikuchenjeze kuti n'zotheka kukhala ku Mzuzu zaka zonse za maphunziro osaphunzirako kalikonse za kumeneko, ngati uzingoyenda ndi anzako a kumwera okhaokha. Magulu a ophunzira ochokera boma limodzi amathandiza pa maliro ndi pa mavuto, koma asakhale mpanda wako. Mnzako wa ku Nkhata Bay akakuitanira kwawo patchuthi chachifupi, pita, ukadye kondowole.

Mayi, pa za ndalama, onetsetsani kuti wapempha ngongole ya boma ya ophunzira nthawi yake isanadutse. Mugulireni bulangeti lochindikala, chifukwa mu June ndi July ku Mzuzu kumazizira. Ngati thumba lilola, mumuperekeze ulendo woyamba, mukaone chipinda chimene azigonamo ndi kudziwana ndi a mpingo wanu kumeneko. Mukabwerera, mugwirizane masiku oimbirana foni m'malo momuimbira usiku uliwonse, kuti apeze mpata wozolowera.